Chule wa ku Kanyama m'Bokosi la ku Paki

Bokosilo linali la matabwa, lofika m'chiuno, la zibowo zotchingidwa ndi kansalu kakuda. Linkakhala m'chipinda cha ana pa geti ya paki ya nyama, kunja kwa tauni. Umapisa dzanja osayang'ana, n'kunena chimene wakhudza: chigoba cha kamba, munga wa nungu, kachikopa kokhakhala. Amene analigwetsa ndine, ndipo mpaka lero ndikalikumbukira ndimaseka ndekha mu minibasi.

Inali nyengo ya mvula, ndili giredi naini, komboni yathu ya Kanyama itasanduka dziwe. Achule ankalowa mpaka m'nsapato. Tsiku la ulendo wa sukulu ndinanyamula mmodzi wonenepa mu sokosi, ndipo anzanga atatanganidwa ndi chigaza cha mvuu, ndinamulowetsa pachibowo chapakati. Ndinkatchera atsikana. Koma amene anapisa anali aphunzitsi a sayansi, mayi amene ngakhale ahedi ankawalankhula motsitsa mawu.

Analumpha, dzanja linakodwa m'kansalu, bokosi linagwa n'kumasuka mbali zonse. Kunena zoona, chiswe chinali chitaiyamba kale ntchitoyo, ine ndinangomalizitsa. Chule anatuluka bwinobwino n'kulunjika kukhomo.

Mayi woyang'anira chipindacho anatola minga ya nungu umodziumodzi. "Ndalama za pa geti zimasilila ku waya na mafuta ya magalimoto," anatero. "Vinthu va bana vikaonongeka, ni so chabe."

Apa kuseka kunandithera, pakuti bokosi lina silikanabweranso. Kalasi ya mlongo wanga wamng'ono inali kudzabwera temu yotsatira, ndipo mwanayo ankangokamba za bokosilo ngakhale pakudya.

Malume, kalipentala wa ku Chawama, anati bokosi latsopano akhoma ulere, koma matabwa ndi vanishi tipeze tokha. Ndinatenga katoni ya sopo, ndinaiboola, ndipo Loweruka lililonse ine ndi anzanga tinkaiika pamsika. Ukaponya kandalama upisa, ukalondola ulandira chitumbuwa. Tinkaikamo therere lodula, phazi la nkhuku, siponji yonyowa. Kondakitala wina wamatama anafunsa, "Iwe mfana, vili mukati vili na moyo?" Ndinati, "Pisani muone, ba mudala." Anakhudza therere n'kuchoka akupukutira dzanja pathalauzi, azimayi ogulitsa makala akumuwombera m'manja.

Aphunzitsi aja anadziwa kuti chule uja anali wanga, ndipo chilango changa anachiika pamsika pomwepo. Woyamba kupisa anali ine, ndipo zam'katimo ankasankha okha. Ankafika m'mamawa ndi kajumbo, n'kundiuza kuti nditembenuke. Ndinagwira matumbo a nsomba, ndinagwira phala lozizira. Anthu ankasiya mabenchi awo kudzaonerera, ine ndikupinda malaya pang'onopang'ono ngati dokotala. Loweruka lomaliza anaikamo kamtengo kopaka chitedze. Ndinavina msika wonse, ndipo ana ena anayamba kundiimbira. Dzanja linayabwa mpaka kutchalitchi.

Mlongo wanga anakapeza bokosi latsopano likununkhira vanishi. Anabwerako akulimbikira kuti chigoba cha kamba ndi mbale, ndipo amayi analephera kumutsutsa.

Nthawi imeneyo ndinkayenda mapewa m'mwamba, ndikuuza aliyense kuti katoni yanga ndiyo inagula matabwa. Sindinaone kuti aphunzitsiwo ankayendetsa mbale yotolera ndalama nthawi yokhayo imene ine ndinkapinda malaya. Anthu a pamsika sankalipira katoni. Ankalipira kuona nkhope yanga.