Munthu wa Maluwa Analibe Dzina

Ndili fomu filii ndinalowa kalabu ya zisudzo pa sekondale yathu ku Zengeza, m'tauni ya Chitungwiza pafupi ndi Harare. Ndinkakonda kulankhula, ndipo m'kalasi pakamwa panga pankangondibweretsera zilango. Tinkakumana Lachitatu masana mu holo, titakankhira mabenchi kukhoma.

Chaka chimenecho aphunzitsi oyang'anira kalabu, mayi amene ankatiphunzitsanso mbiri yakale, analemba sewero la banja lolemera la ku Harare. Pogawa mbali anandiloza n'kunena kuti yanga ilipo kale: ndikhala wantchito wosamalira maluwa, wochokera ku Malawi. Munthuyo analibe ndi dzina lomwe. Onse ankangomuitana kuti Achimwene. Zake zinali kuthirira maluwa, kumva molakwika zonena abwana, ndi kuphwanya Chishona.

Azigogo anga anachokeradi ku Malawi, koma ine ndinabadwira ku Chitungwiza, Chishona changa chinali chosalala ngati cha wina aliyense. Poyeserera, aphunzitsi ataona kuti anzanga sakuseka, anati, "Taura sezvinoita baba vako," kundiuza kuti ndizilankhula mmene amalankhulira bambo anga.

Ndinachitadi zimenezo, ndipo ndi zomwe zimandiwawa mpaka lero. Kwa milungu ingapo ndinkatchera khutu bambo akamacheza ndi anthu ochita lendi kwathu kapena akamanenerera mtengo wa matimati pamsewu. Paliponse pamene lilime lawo lapunthwa ndinkatola, Lachitatu n'kukapereka ku holo. Aphunzitsi ankaseka mpaka kupukuta misozi.

Tinaonetsa seweroli pa tsiku la makolo. Bambo anapempha kufakitale kuti aweruke msanga, anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi n'kukhala mzere wachitatu. Nditangotsegula pakamwa holo yonse inagwa ndi phwete. Sindinama, zinandikomera. Ndinawonjezera ngakhale mawu amene munalibe m'seweromo. Pomaliza ndinawaona bambo akuwomba m'manja pamodzi ndi anzawo.

Ine ndi bambo tinayenda wapansi kubwerera kwathu ku Zengeza 1. Titayandikira geti lathu anaima.

"Wandiphunzira bwino, mwana wanga," anatero.

Kenako anandiuza, mosakweza mawu, kuti iwo anakulira m'komboni ya pa famu ya fodya, kumene aliyense ankalankhula Chichewa. Chishona anachitolera atakula, kwa akapitawo ndi m'mabasi, popanda wowaphunzitsa. Anati ndi Chishona chophwanyikacho anapezera ntchito, nyumba, ndi malo anga kusukulu. Atatero analowa m'nyumba n'kufunsa amayi ngati madzi osamba atentha.

Lachitatu lotsatira ndinatsalira anzanga atatuluka. Ndinapempha aphunzitsi zinthu ziwiri: munthu wa maluwayo apatsidwe dzina, ndipo kamodzi kokha alankhule Chichewa chenicheni, anene zanzeru. Iwo anati ndine wosachedwa kupsa mtima, sewero ndi sewero, mpikisano wa masukulu wayandikira ndipo oweruza amakonda zoseketsa.

"Nanga tikunama? Si mmene mumalankhulira anthu inu?" anandifunsa.

Mayi ameneyu ndiye ankatiphunzitsa za anthu amene anakumba migodi ndi kulima mafamu a dziko lino. Ankadziwa bwino kuti ambiri anali azigogo athu. Ndinawauza kuti ngati zili choncho apeze wina.

Anampeza tsiku lomwelo. Mnyamata wa fomu folo anatenga mbali yanga, n'kumanditsanzira ine mmene ndinkatsanzirira bambo. Ine dzina langa linafufutidwa m'kalabu, ndipo popeza wopanda kalabu ankapatsidwa ntchito yapanja, Lachitatu lililonse ndinkatchetcha udzu kuseri kwa holo, ndikumva kuseka kukutuluka pa mawindo.

Mtsikana wina wa ku Unit N, dera lina la ku Chitungwiza konko, amene ankasewera ngati mkazi wa abwana, ananditsatira pa mpopi tsiku lina. Anandinong'oneza m'Chichewa chabwino kuposa changa kuti ndisiye kuchita phokoso, chifukwa kusukulu kuno palibe akudziwa kuti agogo ake anachokera ku Dedza. Sindinamuulule kwa aliyense. Koma ndinamufunsa kuti akamaseka pa siteji paja amaseka ndani, ndipo kuchokera pamenepo anasiya kundipatsa moni.

Gulu lathu linakachita bwino ku mpikisano, ahedi analiyamika pa asembule. Aphunzitsi onse anaonera sewero lija kangapo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anaonapo cholakwika. Zimenezo sindinazikhululukebe. Ndinali mwana wofuna kuwomberedwa m'manja, iwo anali akuluakulu.

Chimene ndinatolapo n'chakuti kukana kumapweteka koma munthu safa nako. Masiku ano ndimagwira ntchito m'tauni, ndipo nthabwala za mtundu umenewu zimabukabe pa tiyi. Sindikalipa. Ndimangopempha wonenayo kuti abwereze pang'onopang'ono, andifotokozere pamene pali poseketsa. Ambiri amayamba kuyang'ana m'kapu.