Tsamba la chibwabwa m'kamwa mwa mwana

Chaka chija nsabwe zinadzaza kunsi kwa masamba a maungu athu ku Kaumbwe. Zinkayamwa chomela chodwala n'kupita pa chabwino, masamba n'kumapindika, mawanga achikasu ponseponse. Amuna anga anapopela mankhwala a thonje otsala osandiuza.

Ine ndinakhazika mwana pansi kuti ndithyole chibwabwa, masamba a maunguwo. Fungo la mankhwala lija litandifika ndinatembenuka, ndipo mwana anali ndi tsamba m'kamwa. Mayo ine! Ndinamulowetsa chala, ndinamutsuka, ndinathamanga naye ndikufuula kuti, "A tate ake, njinga, bweletsani njinga!"

Njila yonse ya ku kiliniki maso anga anali pa kachifuwa kake, kakukwela, kakutsika. Anesi anati sanameze zambili. Titabwelela ndinazula maungu onse, ngakhale abwinowo.