Belu la Chivomezi la Amayi Miti

Amayi Zangaphee Miti anakalambira pa sukulu ina ya sekondale cha ku Zemba, akuphunzitsa jogalafe. Chaka china bungwe la ku Lusaka linapereka thandizo loti ana afufuze njira zodzitetezera pa chivomezi, ndipo amayiwo anaona ngati dziko lawakumbukira.

Ana anafufuzadi. Anapeza kuti nthaka ikayamba kugwedezeka, munthu azilowa pansi pa desiki.

“Nanga ife okhalira njerwa, amadamu?” anafunsa Imelda wa giredi 11.

“Muzithamangira kwa anzanu,” anayankha iwo.

Tsiku limene alendo a bungwelo anabwera kudzaonerera, Amayi Miti analiza belu loyeserera kuti chivomezi chafika. Kalasi yonse inakhamukira pansi pa madesiki ochepa omwe analipo, mpaka madesiki ena anathyoka miyendo. Alendo anawomba m’manja, nati changu chotere sanachionepo kwina kulikonse.

Chivomezicho sichinabwere. Mu Novembala mphepo ya mvula yoyamba inasasula denga la kalasiyo. Amayi Miti ataimbira foni bungwe lija, anauzidwa mwaulemu kuti za mphepo si mbali yawo. Temu imeneyo anaimalizira pansi pa mtengo, pomwe chowagwera chinali mango okha.