Makina a Agogo Atakana Kudula

Agogo anga aamuna akandibwerera m'maganizo, nkhope yawo imafika mochedwa. Chimayamba kufika ndi kulira kwa makina awo pakhonde, m'mawa wozizira wa ku Lobi, nkhungu isanachoke m'mapiri, utsi wa kukhitchini ukukwawa pansi posowa mphepo youkweza, ine nditagwada paseli ndikutsuka mbale za dzulo ndi madzi oluma zala. Makinawo ankalira ngati chitseko chosowa mafuta, kenako pakati n'kumveka kuti thwa, ndipo pepala likatulukira mbali inayo linali litasanduka masamba a duwa.

Anali makina ang'onoang'ono koma olemera. M'kati mwake munali zitsulo ziwiri zobulungira zogona ngati minsi, ndipo pambali panali handulo yopukusa ndi dzanja. Agogo ankatenga chikombole chachitsulo chokhala ndi mano akuthwa, n'kuika pepala pamwamba pake, n'kuzitsekera pakati pa mapuleti awiri apulasitiki, kenako n'kupukusa. Zikombole zina zinkadula, zina zinkangotukuza mtanda kapena nkhunda pakhadi, moti ukayendetsapo chala unkaimva nkhundayo. Makinawa anawasiyira sisitere wina wa kuparishi pobwerera kwawo, agogo atangopuma uphunzitsi. Kuyambira pamenepo makadi a ukwati, a ubatizo, ndi nkhata za maluwa a mapepala zoika pamanda, zonse za m'dera lathu zinkachokera pakhonde pathu. Anthu ankawaseka agogowo kuti khadi la a Fabiano umalidziwa ndi mphuno chifukwa limanunkha utsi. Agogo ankangoti ndi nsanje.

Ine ndinkakhala ndi agogo awiriwa chifukwa amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Blantyre, kumene bwana sankalola mwana. Agogo aamuna ankanditchula kuti akazanga, monga amachitira agogo kwa adzukulu awo aakazi, ndipo ndikawakwiyira ankandiopseza kuti akakwatira wina wodziwa kuphika. Agogo aakazi, aNabanda, anali munthu wa pakamwa. Ankati makinawo ndi mkazi mnzawo, ndipo ankadandaula kwa aliyense wodutsa kuti iwo sanapukutidwepo ndi kansalu ngati mmene chimapukutidwira chitsulo chimenecho. Koma m'mawa uliwonse, akulongolola choncho, ankabwera pakhonde ndi tiyi kudzanja limodzi ndi lichero la mapepala kudzanja linalo. Mapepala ankasunga ndi iwo, monga ankasungira china chilichonse m'nyumbamo. Agogo aamuna ngakhale sokosi yawo yomwe sankadziwa pamene imakhala.

ANabanda anadwala masiku ochepa m'dzinja, chimanga chikumasula, n'kutisiya.

Agogo aamuna anali mkamwini. Kwawo kunali ku Mphunzi. Anabwera ku Lobi ali mnyamata kudzakwatira, anamanga nyumba, anadzala mapichesi kuzungulira bwalo, n'kukalambira pamudzi pa eni. Kwathu mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa kuti abwerere kwa abale ake. Anthu atakolola, a Yohane, mlongo wawo wa aNabanda, anabwera pamodzi ndi anthu awiri a ku Mphunzi, nakhala pamphasa pansi pa mpichesi. Sikunali kukalipa ayi. A Yohane ankayankhula akukanda pansi ndi kamtengo, ndipo zinkaoneka kuti nkhaniyo ikuwalemera. Agogo anamvetsera mpaka pamapeto, anavomera zonse, n'kupempha chinthu chimodzi chokha. Anati pa tsiku la maliro manja awo sanathe kugwira kanthu, ndipo aNabanda anagonekedwa ndi nkhata zapulasitiki zogula kuboma, ngati munthu wopanda wake.

"Mundilole ndiwaikire nkhata ya manja anga. Ndikatero, ngolo ibwere."

A Yohane anavomera. Za ine anagwirizana kuti ndidzatsala kwa amayi anga aang'ono, a Sofiya, nyumba yoyandikana ndi yathu, m'mene munali kale ana odzadza mphasa. Palibe anandifunsa. Ndinamva zonsezi ndili kuseri kwa nkhokwe.

Ndiye makina anakana.

Unali mwezi wa Juni, nyengo imene nkhungu imagona pamudzi mpaka dzuwa litakwera, mawawa n'kumagwa osanyowetsa nthaka koma kunyowetsa bulangete lili m'nyumba. Agogo anatulutsa katoni ya mapepala imene anaipeza kunsi kwa bedi, anakonza chikombole cha duwa, anapukusa. Thwa uja sanamveke. Pepala linatuluka lotafunidwa, masamba a duwa ali lendee, ndipo poti awachotse ankang'ambika. Anayesanso pepala lina, chimodzimodzi.

Poyamba sanade nkhawa. Anati mapuleti apindika, ndipo analidi opindika, choncho anawatembenuza. Sizinathandize. Anati ndiye kuti zitsulo sizikufinya mokwanira, anadula kachidutswa ka katoni ya sopo n'kuwonjezera pakati. Handulo inalimba moti anaimirira n'kuikankha ndi thupi lonse, pepala n'kutuluka litaphwanyika. Anachotsa katoniyo. Tsiku lotsatira anakhala m'mawa wonse akuchotsa tizinyalala m'mano a chikombole ndi singano, magalasi ali pansonga ya mphuno, kenako anapaka chikombolecho kandulo kuti pepala lisamamatire. Anadontheza mafuta a makina osokera paliponse pamene panali kabowo. Madzulo aliwonse ndinkasesa pakhonde maluwa ofiira ong'ambika, n'kukawataya kudzala.

Anaitanitsa a Chikoti, okonza njinga pamsika wa Lobi. Iwo anamasula makinawo, anayang'ana m'kati, anamanganso mabauti onse, n'kunena kuti chitsulochi chilibe vuto, mwina manja a eni ake ndi amene atha mphamvu. Sananene mwachipongwe, koma atachoka agogo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana zikhatho zawo.

Pamudzi nkhani inayamba kuyenda. Ena ankati a Fabiano awononga dala makina kuti asachoke. Ena ankati ndi aNabanda akukaniza, sakufuna kutsala okha. Anthu amene kale ankaima pakhonde kufunsa za makadi anayamba kudutsa chapatali, mwina pochita manyazi ndi munthu amene anamutsanzika kale m'mitima mwawo koma akumuonabe. Nyumba yathu inangoti zii. Khitchini ya aNabanda inali yotseka chimwalirireni iwo, chakudya chinkabwera m'mbale zovindikira kuchokera kwa a Sofiya, chitazizira kale, ndipo tinkadya awiriwiri osayankhula zambiri. Ngakhale za kukwatira wina anasiya kundiopseza. Nthawi zina ndikuchokera kusukulu ndinkawapeza akuyankhula ndi makinawo motsitsa mawu, kuwafunsa chimene awalakwira.

Ine ndinkakondwa. Ndikunena poyera, ndipo sindichita nazo manyazi. Pepala lililonse long'ambika linali tsiku lina loti agogo agona m'nyumba mwathu. Kutchalitchi anzanga akupempherera mayeso, ine ndinkapempha kuti makina asachire. Ndinkawamvera chisoni agogo, koma mantha ogona pamphasa ya eni anali aakulu kuposa chisonicho.

Loweruka lina m'mawa, kukugwa mawawa, anaganiza zowongola puleti imodzi poiviika m'madzi otentha n'kuipsinja ndi mwala. A Sofiya anali atapita kudimba, ndiye panalibe wotipatsa madziwo. Agogo anaima pakhomo pa khitchini kanthawi, kenako anamasula waya wotsekera. M'menemo sankalowamo ngakhale aNabanda ali moyo. Munkanunkha phulusa lozizira ndi mwaye. Anagwada, anakoleza moto movutikira, akutsokomola, ine ndikuwaseka kuti mwamuna wanga sadziwa n'kuuzira komwe. Moto unayaka m'mawa wonsewo, chifukwa puleti sinawongoke ulendo woyamba, ndipo tinatereka madzi kachiwiri.

Chakumasana nkhuni zinatha. Agogo anatambasula dzanja pansanja ya pamwamba pa moto, pamene aNabanda ankaumitsira nkhuni ndi mbewu ya chimanga, ndipo m'malo mwa nkhuni anakhudza lichero. Analitsitsa. Linali lovindikiridwa ndi mpango wakale wa aNabanda, wodera ndi utsi. Pansi pa mpangowo panali mapepala, ofiira, oyera ndi achikasu, oyalidwa bwinobwino, ofunda chifukwa cha moto wathu uja. Agogo atanyamula limodzi linalira kuti phwa, louma ngati khoko la chimanga. Analifikitsa pamphuno.

Anapita nalo pakhonde, anatenga puleti yonyowa ija n'kuipukuta pa thalauza, anakonza chikombole, anapukusa ndi dzanja limodzi. Thwa. Masamba a duwa anagwera pansi okha, osalala m'mphepete monse.

Anatenga pepala la m'katoni ya kunsi kwa bedi n'kuligwira kudzanja linalo. Linali lofewa, lozizira, lomwa chinyezi cha pansi. Anayang'ana mapepala awiriwo nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndinkadziwa. Ndinati ndinkawaona aNabanda akukweza lichero pansanja madzulo aliwonse, koma ndinkayesa akuthawitsa chiswe.

"Zaka zonsezi," anatero agogo, "ine ndimayesa ndimagwira ndekha ntchitoyi."

Pamenepo ndinayamba kulira, kulira kwenikweni kotulutsa mamina. Iwo anayesa ndikulira agogo aakazi, anandikokera pamwendo pawo n'kumandisisita kumutu. Ndinawauza kuti sindikulira zimenezo.

"Ndiye kuti mupita," ndinatero.

"Ndipita, akazanga. Ndinalonjeza pamaso pa anthu."

Masiku otsatirawo anthu a pamudzi anaona zachilendo. M'mawa uliwonse mphunzitsi wopuma uja ankagwada m'khitchini ya malemu mkazi wake, akuuzira moto, n'kuyala mapepala m'lichero monga anawapezera. Anayamba ndi mapepala a aNabanda, ndipo maluwa ochokera m'menemo anawaika pakati pa nkhata. Ine ndinkapinda masamba ndi kumanga tiwaya, ndikuchedwetsa manja mmene ndikanathera, iwo akundiona koma osandifulumizitsa. Nkhata inatha basi. Inali yaikulu kuposa zonse zimene anapangirapo anthu ena.

Lamulungu titatuluka Misa tinapita kumanda ndi a Yohane ndi a Sofiya. Agogo anagwada n'kuika nkhatayo kumutu, anaipsinja ndi miyala kuti mphepo isaitenge, nanena mawu ochepa amene sindinawamve. M'sabata yomweyo ngolo inabwera kuchokera ku Mphunzi. Anakwezamo bedi, mpando umodzi, sutikesi ndi lichero lija. Makina anawafungata pamiyendo. Mapichesi anatsala, nyumba inatsala, inenso ndinatsala. Ndinatsatira ngoloyo mpaka pamlatho wa mitengo, pamene anandiuza kuti ndibwerere kusanayambe kuzizira. Ndinabwerera ndekha, ndipo ndinapitirira nyumba yathu yotseka n'kukalowa kwa a Sofiya, kumene anali atandisungira malo kumphepete kwa mphasa.

Ndinawaonanso maulendo owerengeka, patchuthi. Ku Mphunzi ankakhala m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, pakati pa abale amene ankawalemekeza koma osawadziwa, poti anachokako iwo asanabadwe. Anamwalira ine ndili kusekondale, ndipo anaikidwa komweko. Pakati pa manda awo ndi a aNabanda pali mapiri ndi ulendo wa tsiku lathunthu wapansi.

Lero ndine mphunzitsi pa Dedza, ndipo mwamuna wanga ndi wa ku Kasungu. Titakwatirana, abale anga anatisonyeza malo abwino ku Lobi, a nthaka yakuda, pafupi ndi mtsinje, kuti timangepo. Ndinakana. Tinagula kamalo kamiyala kunja kwa boma, kopendekeka, kamene ngakhale nyemba zimamerapo monyinyirika. Kumudzi amati sukulu inandipatsa matama, ndipo mwamuna wanga amandiseka kuti ndinasinthanitsa dimba ndi thanthwe. Ndimangomusiya aseke. Pamalo pano palibe mkamwini. Ndikadzatsogola ine, palibe adzabwere ndi ngolo kudzamutenga.