Ulendo wokagula makina omangira chitseko

Ndinanyamuka kwa Guilleme sikisi koloko m'mawa, patatsala masiku atatu kuti akuchikazi andisudzule. Mkazi wanga anamwalira m'dzinja, ndipo ine monga mkamwini ndinayenera kubwerera kwathu ku Mkanda. Mwana wathu Tadala amatsala ndi agogo ake m'nyumba imene tinamanga, koma pakhomo pake tinkatsekabe ndi lata. Chitseko cha mlombwa chinalipo, chogoneka pakhonde. Ndinayesa kumanga mahinjesi pamanja. Ndinangotuluka matuza, masikuluwu osalowa.

Wakabaza anakanditula kumsewu wa tala ndi K2,000. Minibasi ya kuboma inali K3,000, mpando wanga thumba la mtedza, pamiyendo panga tambala wa eni ake.

Cha m'ma naini ndinalowa m'sitolo ya zipangizo. Mayi wogulitsa, amene katundu wake amakatenga ku Chipata, anatulutsa makina omangira masikuluwu oyendera batire.

"Kwanu kuli magetsi, bambo?"

"Kuli sola ya wometa tsitsi."

"Yakwana imeneyo. Koma musakabowolere khoma, si ntchito yake. Awa amamenya sikuluwu kwinaku akuizunguza."

Anayesa pachidutswa cha mtengo wouma. Makinawo analira ngati chigayo chaching'ono, sikuluwu n'kumira yonse.

"Mukakankha apa amamanga, mukakankha uku amamasula. Ngati n'chitseko chimodzi chokha, musataye ndalama, kaitaneni kalipentala."

Ndinaganiza za mawindo amene anali asanamangidwe, bedi la Tadala logwedera, ndi nyumba imene ndikayambe ku Mkanda. Ndinagula. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya pafupi ndi depoti, n'kukwera minibasi yobwerera.

Thuu koloko ndinali kumudzi. Pakhonde ndinapeza a Gama, malume ake a malemu. Anayang'ana bokosi la makinawo nthawi yaitali.

"Akamwini, chimenechi si chomasulira malata? Timawadziwa amuna ena, pochoka amanyamula ndi denga lomwe."

Mawuwo anandiwawa, koma ndinangotulutsa makinawo m'bokosi.

"Malume, tandigwirirani chitsekochi. Mukwezeko pang'ono."

Anagwira, nkhope ili gwaa. Masikuluwu khumi ndi awiri analowa mumlombwa uja madzi a tiyi asanawire. Tadala anatsegula, n'kutseka, n'kutsegulanso. A Gama anakhosomola.

"Nanga mawindowa mukusiyira ndani? Bweretsani kuno, nane ndiyeseko."

Anayamba ndi kumasula sikuluwu yomwe ndinali nditamanga kale, chifukwa anakankha mbali yolakwika. Tonse tinaseka, ine koyamba chichokereni kumanda.

Wondifunsa ngati makinawa ndi oyenera kugula ndimamuyankha kuti inde, ngati matabwa ako ndi olimba, magetsi ali kutali, ndipo ntchito si ya tsiku limodzi. Batire linatha titamaliza zenera lomaliza. Loweruka, atandisudzula, ndinapereka kiyi kwa agogo ake a Tadala, ndipo chitseko chija ndinachitseka ndekha, ndili panja.