Tsiku Limene Mwana wa Wootcha Mbatata Anayamba Mpira

Ku Fushun kwathu kuno ukafunsa za a Qu Baoshan, anthu amayamba akanda kumutu. Koma ungoti bambo wa mbatata wa pageti la chipatala, aliyense akulozera. Fakitale ya zitsulo itatsekedwa, anzawo ena analowerera mowa, ena anapita kukayendetsa matakisi ku Shenyang. A Qu anatola mgolo wakale wa mafuta, kuuboola, kuumata dongo m'kati, n'kuukweza pa njinga ya matayala atatu. Kuyambira pamenepo akhala akuotcha mbatata pamsewu, m'chisanu chathu chino chimene chimaumitsa ndi mamina omwe m'mphuno.

Ndi munthu wosayankhula zambiri, ndiponso wamakani, ndisakubisireni. Chimene chinkawamasula pakamwa ndi mpira basi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dongsheng, amene tonse timangomuti Dongzi, anayamba kumenyetsa mpira pakhoma la nyumba yathu yosanja asanadziwe n'kumanga komwe zingwe za nsapato. Atangoyamba sukulu, bambo ake anamuchotsa n'kumutumiza kusukulu ya mpira yogonera komweko ku Dalian. Mayi ake, a Sui Fengxia, analira mpaka maso kutupa.

"Mwana mmodzi yemweyu mukumupereka kwa anthu, ngati tili ndi ena m'thumba?" anatero mayiwo.

"Mwendo wakumanzere uja si wathu tokha," anayankha a Qu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mnyamatayo anakula akubwera kwawo pa Chaka Chatsopano pokha, wamanyazi ngati mlendo. Mbatata zinkalipira fizi, mayi ake ankangoona kuti chovala chimene amusokera chamuchepera asanachivale. A Qu sankanena, koma tonse tinkadziwa chimene chinkawadya mumtima. Kodi anachita bwino kulanda mwana ubwana wake, ndi kulanda mayi mwana wake? Choti chiwatsuke chinali chimodzi chokha: kuti iwo ndi akazi awo adzamuone Dongzi akusewera mu ligi yaikulu.

Ndiye inafika nthawi ija eni makampani omanga nyumba anapenga ndi mpira. Abale, ndalama zikachuluka zimazunguza mutu. Ankagula osewera a ku Brazil ngati mmene ife timagulira kabichi chisanu chikayandikira, osafunsa n'mtengo womwe, ana athu n'kumangowolera pabenchi. Akuluakulu a mpira ataona kuti zanyanya anaika lamulo latsopano: timu iliyonse iziyamba masewero ndi mnyamata mmodzi wa kuno kwathu wosakwana zaka makumi awiri ndi zitatu. Sipanapite nthawi, kalabu ina yolemera ya kum'mwera inagula Dongzi. Mtengo wake utatuluka m'nyuzipepala, tinaganiza kuti olemba aja dzanja linawaterereka pa maziro.

A Qu tsiku limenelo anagawa mbatata zaulere. "Anthu olemera si opusa," ankauza aliyense woima pamgolo. "Sangataye chuma chotere pa mwendo wachabe."

Ligi itatsala pang'ono kuyamba, Dongzi anaimba foni kuti dzina lake lili pa oyamba masewero otsegulira. "Koma musavutike n'kubwera, ababa. Ndi kutali. Mudzaonere pa TV."

"Iwe, ndakhala ndikuzizidwira chiyani pamsewu zaka zonsezi?" anakalipa a Qu. "Ndikubwera."

A Sui anatsala. Mawondo awo sakanapirira ulendo wa sitima, komanso anali ataitana kale nyumba yonse yosanja kuti tidzaonere kwawo tikudya jiaozi, timitanda ta ufa towiritsa tokhala ndi nyama m'kati. A Qu anavala jekete yawo ya paukwati, ulendo wa kum'mwera, kumene anakapeza anthu akuyenda ndi malaya a manja aafupi.

Dongzi anakawatenga pasiteshoni pa galimoto yaitali moti bambo ake anachita manyazi kupondamo. Anawazungulitsa kumalo ochitirako masewero olimbitsa thupi, ndipo a Qu anangoti kukamwa yasa. Udzu akuti unabwera pa ndege. Mnyamata mmodzi wa ku Brazil anali ndi wophika wake, ndipo wophikayo anali ndi womasulira wake. A Qu anafunsa mafunso ambirimbiri, koma akafika pa za mpira wa mawa lake, Dongzi ankangoti, "Tiona, ababa," maso ali kumsewu. Iwo ankati ndi mantha a tsiku loyamba.

Masana a tsikulo bwalo linadzaza, ng'oma ndi mbendera mbali zonse. Pafupi ndi a Qu panakhala bambo wina wonenepa, akutafuna nthangala za mpendadzuwa n'kumalavulira makoko m'kapu. Osewera atafola poimba nyimbo ya fuko, a Qu analephera kudzigwira.

"Nambala 31 uyo ndi mwana wanga," anatero akumugwira pamkono bamboyo.

"Zoona, madala? Mwabala bwino," anayankha wonenepayo. "Tiyeni timuone."

Woyimbira analiza wezulo. A Qu anadabwa kuona kuti Dongzi, amene malo ake ndi kutsogolo, sakuthamangira kugolo. Ankangoyendayenda m'mbali mwa mzere, pafupi ndi benchi ya timu yake. Mnzake wina kumbuyo analandira mpira, popanda womuthamangitsa, n'kuumenyera kunja dala. Nthawi yomweyo chikwangwani cha manambala chinakwezedwa, 31 ali pamenepo mofiira. Koma chisanakwezedwe n'komwe, Dongzi anali atayamba kale kuyenda kutuluka. Mnyamata wa ku Brazil uja analowa akuthamanga, bwalo lonse n'kuphulika ndi chisangalalo.

A Qu anaimirira. "Wavulala? Mesa palibe wamugunda?"

Wonenepa uja anaseka mpaka kutsamwa ndi nthangala. "Ochenjera anthu awa! Lamulo likuti mwana ayambe mpira, madala. Silinanene kuti amalize. Wayamba, si mwamuona?"

"Sanaukhudze n'komwe mpirawo."

"Aukhudze wa chiyani? Mpira uli ndi eni ake, ndi uyo walowayo."

"Nanga anamuguliranji mtengo wonse uja?" anafunsa a Qu.

Bamboyo atawayang'ana kumaso anasiya kuseka. "Anyamata a msinkhu umenewu ndi ochepa, makalabu onse akuwalimbirana. Chimene agula ndi chaka chake chobadwa. Akapyola zakazo adzagula wina." Anawapatsa nthangala, koma a Qu sanazione n'komwe.

A Qu anakhala pansi. M'bwalo mpira unkapitirira, anthu akukuwa, koma maso a a Qu anali pabenchi. Ankayembekeza kuti mwana wawo aponya botolo la madzi pansi, kapena akalipirana ndi kochi, monga ankachitira ali wamng'ono akamutulutsa. Ayi ndithu. Dongzi anagwirana chanza ndi kochiyo, kukhala pampando wake, kumasula zingwe za nsapato bwinobwino, jezi ili youma. Ankadziwa pamene bambo ake akhala, poti tikiti anawapatsa ndi iye, koma sanatukule mutu kuyang'anako.

Apa m'pamene a Qu anazindikira. Mwanayo ankadziwa. Anauzidwa kale, anavomera, ndipo n'chifukwa chake ankawaletsa kubwera. Ukali ukanakhala bwino, chifukwa munthu wokwiya amakhala kuti akufunabe kusewera. Uyu anali atangomaliza ntchito imene anamulembera.

Foni inalira m'thumba la jekete. Anali akazi awo. Ife tonse tinali m'chipinda chawo chochezera, titathinana pamipando yobwereka, aliyense maso pansi, chifukwa palibe analimba mtima kuwauza mayiwo.

"Bambo a Dongzi, ndamuona poimba nyimbo paja, wakula bwino mwana wanga," anatero a Sui mokondwa. "Ndinangolowa kukhitchini kukaphula jiaozi zisapse kwambiri, alendo asadye zosweka. Ndabwera tsopano ndikumufunafuna, sindikumuona. Anthu awa angoti duu ngati pamaliro. Ali mbali iti, kumanja kapena kumanzere?"

A Qu anatseka khutu linalo ndi chala chifukwa cha phokoso. 

"Mukundimva, bambo a Dongzi?"

"Ndikumva," anatero. "Wasewera kale, mayi a Dongzi. Wamaliza."



"Wamaliza bwanji," anafunsa mayiwo chapansipansi, "poti jiaozi sizinazizire n'komwe?"