Andichotsetsa Sajeni chifukwa cha jumbo

Pafupifupi masabata atatu ndakhala ndikuwotcha mayunitsi a magetsi kukupizira jumbo. Jumbo, abale anga! Ndipo mphaka wanga wapita. Inu a shopu ya zamagetsi ija ya pa boma, dzina lanu ndalisunga kaye, koma mukudzidziwa.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndimagulitsa usipa wouma. Matumba ndimasunga m'chipinda cha kuseri. Pamene pali usipa makoswe sachedwa kuitanizana, ndiye zaka zinayi zapitazo ndinapeza mphaka wamphongo n'kumutcha Sajeni. Chibwerereni iye, khoswe akafuna kudutsa pakhomo panga amayamba watsanzika abale ake.

Vuto la Sajeni ndi limodzi: ndi bwana, sanyowa. Mvula ikangoyamba satuluka panja. Ndinamuikira beseni la mchenga, koma pena amadzisankhira yekha kuseri kwa mpando. Fungo la mkodzo wa mphaka mukulidziwa, limalowa mpaka m'maso. Tsono amuna anga, bambo a Tadala, ali ndi mphumu. Kuchipatala adokotala anatiuza kuti tizitsegula mawindo, tizisintha mchenga tsiku ndi tsiku, ndipo ngati tingathe tipeze makina oyeretsa mpweya okhala ndi sefa m'kati. Tikutuluka, bambo a Tadala anati, "Mayi a Tadala, ndakupatsani mwezi. Zikapanda kusintha m'nyumba muja mutsala mmodzi, ine kapena mphakayo." Sindinama, ndinayamba ndaganiza kaye ndisanayankhe.

Loweruka, 9 koloko m'mawa, ndinali m'shopumo. Mtsikana wogulitsa, zikhadabo zazitali zofiira psuu, anandionetsa chimakina choyera chonga ndowa. Akuti ichi amayi chimameza fungo lililonse, ngakhale mutaweta fisi kuchipinda. K185,000. Ndinalipira mtima ukuwawa. Kenako akuti musakachiyatse nokha, tili ndi injiniya wathu, K10,000 yokha.

Injiniyayo anafika 3 koloko masana pa kabaza amene ndinalipira ine. Bambo wamkulu ndithu, ovolosi yabuluu, chikwama cha zida m'manja. Ntchito yake? Anachotsa makina m'katoni, analowetsa pulagi pakhoma, anadina batani. Basi. Chikwama chija sanachitsegule n'komwe. Ine ndinaona pulasitiki ikusuzumira pa timabowo ta m'mbali, ndinafunsa ngati tiichotse. Anandigwira dzanja ngati ndikufuna kutola njoka.

"Amayi, musayerekeze! Mukachotsa pulasitiki iliyonse walanti yatha, chikawonongeka sitikusinthirani. Komanso kunyanja kuno kuli chinyezi. Imeneyi imateteza zam'kati ku dzimbiri."

Ndinakhulupirira. Ndikanatsutsa bwanji? Kwathu limoti ya TV ikadali m'pulasitiki chigulireni. Mipando ya pabalaza chimodzimodzi. Tonsefe tinakula tikudziwa kuti chinthu chatsopano sachivula.

Sabata yoyamba chimakina chinkangolira fuuu, kagetsi kabuluu kakuthwanima, fungo lili pompo. Ndinaimba foni kushopu. Akuti chikuzolowera nyumba. Chikuzolowera? Ndi mtengwa? Sabata yachiwiri ndinaimbanso. Akuti tsekani mawindo onse kuti chigwire bwino ntchito. Ndinatseka! Kutentha kwa ku Salima kuno, mawindo otseka, mphaka m'kati, munthu wamphumu m'kati. Mawu a dokotala ndinawasiya n'kumvera a munthu wa ovolosi. Kumene zinapita nzeru zanga musandifunse.

Lachiwiri la sabata yachitatu, cha m'ma 7 koloko m'mawa, bambo a Tadala anabanika akumwa tiyi. Kampope kawo ka mankhwala sikanathandize. Abale, ndinachita mantha, umasiye ndinauona ndi maso. Tinathamangira kuchipatala, tinakabwerako cha m'ma 2 koloko masana. Bambo a Tadala sanakalipe. Anangotenga thumba, n'kumuikamo Sajeni, n'kukwera minibasi kukamusiya kwa mlongo wawo ku Khombedza.  Ndinakhala pakhonde n'kulira.

Lachinayi ndikukolopa ndinagunda chimakinacho ndi ndowa, chivindikiro cha kumbuyo n'kugwa. M'kati muli sefa ija, yokulungidwa m'jumbo, yomatidwa mbali zonse, pamwamba pali chipepala chofiira. Ndinaitana Mayi Banda, aphunzitsi oyandikana nafe, kuti andiwerengere Chingerezicho. Anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti palembedwa kuti chotsani jumboyi musanayatse makina. Sefayo inali mbee, yopanda ndi kafumbi komwe. Mpweya sunadutsepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndinawaonetsa bambo a Tadala. Anangopukusa mutu. "Mayi a Tadala, mwaikulunga nokha kuti mphaka wanu abwerere. Injiniya angasiye jumbo m'makina? Abwere yekha adzandiuze, pamenepo tikambirana."

Choncho Lachisanu, 8:30, ndinali pakhomo pa shopu, jumbo m'manja. Mundimvetse bwino, sindinapite kukafuna ndalama zanga. Ndinkafuna chinthu chimodzi: injiniyayo abwere kunyumba adzavomere pamaso pa amuna anga kuti makinawo sanayesedwe n'komwe, kuti Sajeni apatsidwe mwayi wina. Kabaza ndikanalipiranso ine.

Mtsikana uja akuti injiniya wapita kumaliro. Kumaliro? Nanga amene ndikumuona kuseri kwa mafiliji akudya mandasi uyo ndi mzukwa wake? Akuti ayi, amenewo ndi achimwene awo, amafanana. Mpaka ovolosi?

Anandiuza kuti ndidikire abwana. Ndinadikira choimirira, mpando umene unalipo akuti ndi wogulitsa. Abwana anafika 10:15, tayi pakhosi, makiyi akuzungulira pachala. Ndinawafotokozera zonse mwaulemu, monga tinaleredwera.

Funso lawo loyamba linali loti, "Amayi, pulasitikiyo mwachotsa?"

Ndinati eya, ndi iyi.

"Ndiye walanti yatha."

Ndinati achimwene, sindikufuna walanti, ndikufuna munthu wanu akanene zoona kunyumba kwanga. Akuti antchito awo salowerera nkhani za m'banja. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Paja mumagulitsa usipa? Tsono mukudziwa bwanji kuti fungolo ndi la mphaka, osati la inu nomwe?"

Mtsikana uja anaseka. Ngakhale kuseri kwa mafiliji kunamveka kuseka, kuchokera kumaliro. Ndinati, "Achimwene, usipa wangawo ndi umene wakugulirani tayi mwavalayo."

Sanachite manyazi. Anafunsa ngati m'nyumba mukununkhabe panopa. Ndinati ayi, munganunkhe bwanji mphaka kulibe? Anawomba m'manja. "Ndiye mwaona! Fungo latha. Makina athu salephera. Mukudandaula chiyani, amayi?"

Ndinatuluka ndisanachite zimene zikanandigonetsa kupolisi. Ndili pa depoti kudikira minibasi, 11 koloko, foni inalira. Alamu anga a ku Khombedza. Akuti pepani alamu, ndimaopa kukuuzani, mphaka uja anang'amba neti ya pawindo Lachitatu lomwelo, sanabwererenso.

Tsono inu a shopu, tandiyankhani pano pagulu. Injiniya wanuyo anaphunzira kuti ntchito yodina batani? Chipepala chofiira chija anachiona, kapena nayenso timuitanire Mayi Banda? Ndi nyumba zingati muno mu Salima mmene anthu atseka mawindo, mwana akutsokomola, chimakina chikukupizira jumbo? Bambo a Tadala akanapanda kufika kuchipatala tsiku lija, mukanandiuzanso kuti chikuzolowera nyumba?

Anzanga amene mukufuna kugula makina otere, muziwauza awatsegule kumbuyo muli pomwepo. Muone sefa ndi maso anu. Ndipo wina asakunamizeni kuti mutseke mawindo pamene m'nyumba muli munthu wa chifuwa.

Dzulo ndi dzana ndakhala ndikuzungulira msika wa Khombedza, mzimayi wamkulu ine, usipa m'manja, ndikuitana "Sajeni! Sajeni!" Wapolisi wina mpaka anacheuka. Anthu akuti mayi wa usipa uja mutu wasokonekera. Anene zimenezo. Inu a ku Khombedza, mukaona mphaka wakuda bii, khutu lakumanzere long'ambika, chonde musamugende. Si wamfiti. Ndi wanga, ndipo sanalakwe kanthu.